Mwana akafuna udokotala, banja lonse liwerenge zaka

Zotsatira za mayeso a Grade 12 zikangotuluka, ife amene tinapita kusukulu ya udokotala timasanduka alangizi a mtundu wonse. Mafoni amachokera ku Katete, ku Chadiza, ku Sinda, ena konkuno ku Chawama ndi ku Kaunda Square, koma nkhani imakhala imodzimodzi: mwana wakhoza bwino, wapeza mapointi 7, wina 9, akufuna adzakhale dokotala ngati inuyo, ndiye tiyambire pati? Pafoni ndimayankha mwachidule, chifukwa nthawi zambiri amandipeza ndili ndi mzere wa odwala pakhomo, komanso munthu amene akuimba nthungululu sumuyambitsa masamu nthawi yomweyo. Zimene ndimameza pafonizo ndi zimene ndikufuna ndinene lero.

Makolo amafunsa za mapointi ndi za sukulu yabwino. Mafunso amenewo savuta kuyankha. Limene safunsa, lomwe kwa ine ndilo lalikulu, ndi lakuti pakhomopo angapirire zaka zingati mwanayo asanabweretse ngakhale thumba limodzi la feteleza, ndipo amene asenze katunduyo zaka zonsezo ndani. Wosenza amakhalapo nthawi zonse, ndipo tsiku lolandira digiri dzina lake silitchulidwa pa maikolofoni.

Ine ndinaphunzira ku UNZA (University of Zambia), ndiye ndinena njira imene ndinadutsa. Yunivesite imeneyi inatsegulidwa mu 1966, madokotala ake oyamba anamaliza mu 1973, ndipo kwa zaka zambiri inali yokhayo m'dziko muno yophunzitsa udokotala. Mapointi a Grade 12 sakulowetsa mu udokotala mwachindunji. Amangokufikitsa ku Great East Road, ku School of Natural Sciences, komwe aliyense amangoti NS. Kumeneko mumadzaza holo: ana a ku Chizongwe, a ku St Monica's, a ku Hillcrest, a ku David Kaunda, aliyense anali nambala wani kwawo, aliyense anauzidwa kale ndi ahedi ake kuti ndi dokotala. Mumaphunzira biology, chemistry, physics ndi masamu, kenako amakusefani. Malo a udokotala ndi owerengeka, ndipo amayamba kutenga pamwamba mpaka malo atatha. Otsala amagawidwa kwina, ena ku pharmacy, ena ku za ziweto, ena ku uinjiniya, zaulimi kapena zamigodi. Ndinaona anyamata amene anabwera ndi mapointi 6 akugwetsa misozi pa bolodi la zotsatira. Sanali mbuli ayi. Anangokumana koyamba ndi anzawo anzeru zofanana nawo, pamalo pomwe palibe mphunzitsi wokulondalonda kuti uwerenge.

Ukapyola pamenepo umasamukira ku Ridgeway, pafupi ndi chipatala chachikulu cha UTH. M'nthawi yathu ulendo wonse, kuyambira NS mpaka kulandira digiri ya MBChB, unali zaka 7, ngati sunabwerezeko kalasi. Masukulu ena masiku ano amati zaka 6. Tsono tiyeni tiwerengere limodzi. Mwana amaliza Grade 12 ali ndi zaka 18. Akhala pakhomo pafupifupi chaka kudikira kusankhidwa. Alowa ali ndi 19, atuluka ali ndi 25 kapena 26. Akatuluka sanakhalebe dokotala woima payekha: alembetse kaye ku HPCZ, bungwe limene limapereka chilolezo kwa ogwira ntchito zachipatala, kenako apeze malo a internship, azungulire kwa nthawi yopitirira chaka m'mawodi a akuluakulu, a ana, a amayi ndi a opaleshoni moyang'aniridwa ndi akuluakulu ake. Pamenepo amatchedwa JRMO, kutanthauza dokotala woyamba kumene ntchito. Akatsiriza ndiye amapatsidwa chilolezo chonse, ndipo ambiri amatumizidwa kaye kuchipatala cha kumudzi. Amene anakhala naye desiki imodzi ku Grade 12, amene anapita ku uphunzitsi kapena ku zowerengera ndalama, pofika nthawi imeneyi anakwatira kalekale, ana ali ku pulayimale, ndipo ena ayamba kuumba mabuloko pa puloti ku Chalala.

Kwathu wosenza anali alongo anga aakulu. Anayamba ngati kondakitala, kenako n'kukhala dalaivala wa minibasi ya Mtendere ndi mutauni. Ankadzuka kusanache, kubwerako anthu atagona, ndipo pa ndalama ya tsikulo ankayamba kuchotsa ya mwini basi, ya mafuta ndi ya anyamata oitanira pasiteshoni, yotsalayo ndiye n'kugawana ndi ine. Chaka cha NS ndinkagona kwa azakhali ku Mtendere n'kumayenda wapansi kudzera mu Kalingalinga. Nditasamukira ku Ridgeway zinafunika lendi, ndiye tinapeza kachipinda ku Kabwata, atsikana anayi, chitofu chimodzi, soya ndi kapenta mosinthanasinthana. Lendi imeneyo inkachokera pa chiwongolero cha minibasi. Alamu anga, amene panopa ndi mayi wa ana atatu, anadikira ukwati mpaka akwawo anayamba kufunsa ngati mwamunayo ali ndi maganizo. Ine zimenezi ndinkazimva chapatali, ndili kalikiliki ndi mabuku.

Ngongole ya boma ndinali nayo, ndipo popanda iyo sindikanafika pomwe ndili. Masiku ano imaperekedwa ndi bungwe la HELSB kwa ophunzira a m'mayunivesite a boma, ndipo ndi ngongoledi, osati mphatso: ukayamba ntchito amadula pa malipiro mwezi ndi mwezi. Ndalama ya chakudya imene inkabwera nayo inachotsedwa mu 2019 n'kubwezeretsedwa mu 2023, ndiye mufunse anthu amene anali pasukulu zaka zapakatizo kuti ankadya chiyani. Koma ngakhale ngongole ikhalepo, pali tizinthu timene sitilembedwa pa fomu iliyonse: stethoscope, majasi oyera awiri kuti wina akamauma wina uvale, nsapato zotha kuimirira nazo tsiku lonse, mafotokope a mabuku amene sungathe kugula, mabando a intaneti, basi yopita kuchipatala chimene akutumizani. Kalikonse pakokha ndi kakang'ono. Zikaphatikizana zaka 7, atate anagulitsa ng'ombe imodzi imodzi mpaka m'khola munatsala ziwiri zolimira.

Mng'ono wanga ankafuna unamwino. Atamaliza Grade 12 anauzidwa kuti adikire kaye ine ndimalize, chifukwa mphika sungaphikire masukulu awiri. Anadikira, akugulitsa salaula kwa azakhali, mpaka mtima wa sukulu unazirala. Pamene ndinayamba kulandira n'kumuuza kuti tsopano apite, anali ndi mwana kumsana ndi tebulo lake kumsika wa Soweto. Sitikangana, ndipo ndi iyeyo amene amandisungira madiresi abwino belo likatsegulidwa. Koma tsiku lina pamaliro, tikutsuka mbale kuseri kwa nyumba, ananena moseka kuti, "Akulu, ng'ombe za atate munadya nokha." Azimayi onse anaseka, inenso ndinaseka. Mawu amenewo sanachoke. Ndiye kholo likandiimbira kuti mwana akufuna udokotala, ndimafunsa kuti kumbuyo kwake kuli ana angati, ndipo iwowo auzidwa chiyani.

Za ndalama ndalekeza pamenepo. Palinso funso lakuti mwanayo akudziwa chimene akupempha, chifukwa ambiri amene amati ndikufuna udokotala amanena za jasi loyera ndi galimoto. Ntchito yeniyeni ndi thupi la munthu, lamoyo ndi lakufa, ndi zonse zotuluka m'menemo.

Phunziro la anatomy limachitikira pa mitembo. Mumalowa m'chipinda chozizira, matebulo achitsulo ali m'mizere, pa tebulo lililonse pagona munthu wophimbidwa. Fungo la formalin, mankhwala osungira mitembo, limalowa m'maso misozi n'kumangotuluka, limalowa m'tsitsi, m'jasi, m'kope, ndipo ukapita kukadya nsima umalimvabe m'zala ngakhale unavala magolovesi. Gulu lathu linapatsidwa bambo wachikulire wa zikhatho zolimba, zooneka kuti zinagwira khasu kapena fosholo moyo wonse. Miyezi yambiri tinali naye, lero mkono, mawa chifuwa, kutsata mtsempha uliwonse ndi kuloweza dzina lake. Mnzathu wina anakomoka tsiku loyamba, lero ndi dokotala wa opaleshoni. Wina sanakomoke, sanalankhule kanthu, koma sabata yotsatira sanabwerenso.

Nditapita kumudzi patchuthi ndinawafotokozera ambuya zimenezi, poganiza kuti anyadira. Anasiya kusenda mtedza n'kundiyang'ana. Kwathu mtembo sagwira aliyense. Ili ndi ntchito ya adzukulu, ndipo iwonso akamaliza samangobwerera kunyumba osasamba.

"Iwe mwanawe, munthuyo abale ake ali kuti?"

"Sitidziwa, ambuya."

"Nanga mukatha kumugwira mumasamba chiyani?"

"Sopo."

"Sopo yekha?"

Anatuma mwana kukathyola masamba ena kudambo, n'kuwafikisa m'beseni, ndipo sindinaloledwe kukhudza mthiko ndisanasambe m'manja m'menemo. Ndinasamba. Sindinaone chifukwa chokanganirana ndi munthu amene funso lake loyamba linali la abale a womwalirayo, funso limene ife pa tebulo lija sitinkafunsana.

Zaka zomaliza ndi za m'wodi. Umafunsa wodwala mbiri ya matenda ake kuyambira pachiyambi, umamuyeza, umalemba, kenako m'mawa pa raundi umaimirira kumapazi kwa bedi n'kufotokozera dokotala wamkulu anthu onse akumva. Akakufunsa chimene sukudziwa, manyazi ake amakhala a pagulu. Koma zimene zinandithandiza kwambiri sindinaphunzire pa raundi. Kupeza mtsempha pa mwana amene watsekula m'mimba mpaka khungu lafota, kudziwa kuti mayi uyu watsala pang'ono kuchira pongomva kubuula kwake, kuona kuti wodwala wa pakona uja wasintha kapumidwe: zimenezi anandiphunzitsa ndi anamwino ndi azamba. Wophunzira amene amalowa m'wodi atakweza mapewa, osapereka moni kwa asisita, amavutika yekha, ndipo ine sindimumvera chisoni.

Ndili pachipatala china cha kumudzi kum'mawa, usiku wina anabweretsa mayi pa ngolo. Anachirira kunyumba madzulo, mwana ali bwinobwino, koma magazi osaleka. Zitenje zonse zimene anamufunditsa zinali zonyowa, milomo yayera, manja ozizira, akuyankha ngati ali kutali. Dokotala pachipatala chonse usiku umenewo ndinali ine. Mayi akamataya magazi atachira, zifukwa zake zimadziwika ndipo umaziyendera mwamsanga: chiberekero sichinakungike, kapena pang'ambika penapake, kapena chidutswa cha nsengwa chatsalira, kapena magazi akulephera kuundana. Pamayeso ndinkazitchula mosajejema. Pamenepo manja ankanjenjemera. Mzamba amene ndinali naye, mayi wamkulu woti akanatha kundibereka, sanakweze mawu. Anangoti, "Adokotala, inu ikani madripi awiri, ine nditikite mimbayi." Tinabaya oxytocin yokungitsa chiberekero, tinaika paipi ya mkodzo, tinatsegula madripi mpaka kumapeto. Magazi anachepa pang'ono n'kuyambiranso. Nditalowetsa dzanja ndinapeza chidutswa cha nsengwa chitakakamira, ndipo chitatuluka chiberekero chinalimba pansi pa chikhatho cha mzamba uja. Mu furiji ya ku labu munali paketi imodzi yokha ya magazi yomuyenera. Tinamuika imeneyo.

Panja apongozi ake anakhala pansi pakhonde, khanda lili m'manja, ndipo aliyense wotuluka ankamufunsa kuti, "Kodi alipo?" Kunja kukuyera mayi uja anapempha phala. Ine ndinasamba kumaso n'kuyamba raundi ya m'mawa, chifukwa amene wagona pa call sapita kunyumba dzuwa likatuluka. Odwala a masana akudikira kale pa benchi. Chapamasana mwamuna wake anandipeza pakhonde. Ndinkaganiza kuti akudzathokoza. Ankafuna kudziwa kuti chitenje chatsopano chimene mkazi wake anabwera nacho chapita kuti.

Panopa ndikugwira pa chimodzi mwa zipatala za m'makomboni muno mu Lusaka, zija zinali makiliniki n'kukwezedwa kuti UTH ipumeko: Matero, Chipata, Kanyama, Chawama ndi Chilenje. Sinditchula kuti ndi chiti. Kuno ngolo kulibe, koma mzere umayamba kusanache. Malungo si ambiri ngati kum'mawa. Chimene chachuluka ndi BP ndi shuga, ndipo sitiroko ikugwira anthu a zaka za m'ma 40, amene anasiya mapilisi chifukwa ankadzimva bwino. Chifuwa chachikulu chilipobe, makamaka mwa amene asiya ma ARV. Loweruka usiku ndi mabala a mabotolo ndi ngozi za pamsewu. Ambiri amafika mochedwa, atayamba kaye kugula mankhwala pa kadrug store ka pakona, kenako kwa aneneri, kenako kwa asing'anga, chipatala n'kukhala pomaliza. Ena amafika atatha kale, ndipo ntchito yako imangokhala kutsimikiza ndi kulemba. Kenako utuluke ukauze anthu amene akuyang'ana pakamwa pako, wina m'Chinyanja, wina m'Chibemba, ndipo ukamaliza ubwerere kwa wodwala wotsatira amene wakwiya kuti wadikira nthawi yaitali. Kusukulu kulibe mayeso a zimenezo.

Kolera ya 2023 ndi 2024 inationetsa ntchitoyi mopanda chophimba. Inayamba mu Okutobala 2023 muno mu Lusaka, mvula itabwera inafalikira m'makomboni momwe zimbudzi zokumba ndi zitsime zosaya zimayandikana, ndipo mu Januwale 2024 bwalo la mpira la National Heroes linasandutsidwa chipatala. Masukulu sanatsegulidwe mpaka mu Febuluwale. M'dziko lonse anthu oposa 20,000 anadwala, oposa 700 anamwalira. Ambiri a ife tinasinthana mashifiti kumeneko. Bedi la kolera lili ndi bowo pakati, pansi pake ndowa, pambali ndowa ina yosanzira. Chimene chimatuluka chimaoneka ngati madzi otsukira mpunga, ndipo munthu wamphamvu amene anadzuka bwinobwino m'mawa amafika madzulo maso atalowa, mawu atatha, mtsempha osapezeka. Mankhwala ake aakulu ndi madzi basi: ORS kwa amene angathe kumwa, dripi ya Ringer's kwa amene sangathe, mwamsanga ndi mochuluka. Munthu amene umati wapita, pakatha maola ochepa amadzuka n'kufunsa foni yake. Palibe matenda ena amene ndinaonapo ntchito ya manja anga ikuoneka msanga chotero.

Tinkaponda mu chlorine polowa ndi potuluka, m'manja munasupuka, majombo anatiotcha mapazi. Abale sankaloledwa kulowa, ankaima kunja kwa geti kudikira kumva maina, ndipo womwalira sankaperekedwa kwa akwawo kuti akamusambitse monga mwa mwambo. Pakati pa amene ndinagwira nawo panali madokotala achinyamata amene sanali pa malipiro a boma. Anabwera mongodzipereka, ena akuyembekeza kuti mwina dzina lawo likumbukiridwa polemba ntchito.

Apa ndi pamene makolo ambiri amadabwa, chifukwa m'mutu mwawo dokotala sasowa ntchito. Kale zinalidi choncho: unkamaliza, kalata yako ya ntchito ili kale pa tebulo. Lero masukulu achuluka. Copperbelt University inatsegula sukulu ya udokotala ku Ndola mu 2011, Mulungushi ili nayo ku Livingstone, Levy Mwanawasa Medical University ili ku Chainama konkuno, ndipo palinso zoima pazokha monga Apex, Cavendish ndi UNILUS. Omaliza chaka chilichonse ndi ochuluka kuposa malo amene bajeti imatsegula, ngakhale kuti odwala m'zipatala akusowabe madokotala. Mu 2022 boma linalemba ntchito anthu azaumoyo oposa 11,000 nthawi imodzi, ndipo ambiri anapuma, koma m'mbuyo mwawo munabwera ena. Mu 2025 bungwe la madokotala achinyamata la RDAZ linafika polengeza kuti madokotala ongodzipereka asiye kaye kugwira. Choncho pa zaka tinawerenga zija onjezanipo nthawi yodikira, imene palibe angakuuzeni kutalika kwake. Mwana wa digiri ya udokotala amene akupemphabe ya basi kwa amake ndi chinthu chimene chikuchitika mu Lusaka lero.

Amene mwaganiza zolipira nokha kusukulu yoima payokha, chonde musanapereke ngwee fufuzani zinthu ziwiri: kuti sukuluyo ndi yolembetsedwa ku Higher Education Authority, ndi kuti maphunziro a udokotalawo, osati sukulu chabe, ndi ovomerezedwa ndi HPCZ. Zachitikapo kuti bungweli laimitsa maphunziro ena ana ali kale pakati. Mwana akangoyamba, aonetsetse kuti dzina lake lalembedwa ku HPCZ ngati wophunzira. Ndipo funsani kuti ana amakaphunzirira kuchipatala chiti, ndipo pa bedi limodzi amaunjikana angati. Nyumba yokongola ya magalasi siphunzitsa kumvera chifuwa. Fizi yake muiwerenge ya zaka zonse, osati ya chaka choyamba chokha. Ndaona mabanja akugulitsa puloti kuti mwana alowe, n'kudzamuimitsa m'chaka chachinayi, pamene alibe pepala lililonse loti n'kupezera ntchito.

Za kunja, ku China, ku Russia ndi kwina, sindiletsa. Ndagwira ndi anzanga abwino kwambiri amene anaphunzira kumeneko. Koma akabwerako mapepala awo amayenera kutsimikiziridwa, alembe mayeso a HPCZ, ndipo aphunzirenso matenda akuno, chifukwa kumene anali sanaoneko mwana wotupa ndi njala kapena malungo ofika kumutu. Kumbukiraninso ana athu amene anathawa nkhondo ku Ukraine mu 2022, maphunziro ali pakati.

Pali njira ina imene anthu amaipeputsa, ndipo zimandinyansa. Ukiliniko ofisa ndi dipuloma ya zaka 3, imene yakhala ikuphunzitsidwa ku Chainama kuyambira kalekale. M'makiliniki ambiri a kumudzi, amene anthu amamutcha dokotala ndi kiliniko ofisa ameneyu. Akagwirako ntchito angathe kubwerera kusukulu n'kukhala medical licentiate, amene amachita ngakhale opaleshoni yotulutsa mwana. Opaleshoni zanga zoyamba za mtundu umenewu ndinachita moyang'aniridwa ndi bambo wina wa licentiate, amene ankasoka mwaluso kuposa madokotala ambiri amene ndawaona. Kwa banja limene lili ndi ana asanu kumbuyo ndi ng'ombe zinayi, njira imeneyi si kugonja. Mwana amayamba msanga kuyang'ana ntchito, ang'ono ake sauzidwa kuti adikire, ndipo ngati mtima wa udokotala ulipobe, zitseko sizinatsekedwe. Kukanakhala kuti wina anatikhazika pansi n'kutifotokozera zimenezi, mwina atate akanasankhabe momwe anasankhira. Koma mng'ono wanga akanafunsidwako.

Mwana amene akuumirirabe, ine ndimamupatsa ntchito imodzi m'chaka chodikira chija. Wachibale akagonekedwa m'chipatala, iyeyo akhale bedsider. Osati kukazonda ndi nthochi pa ola la alendo ayi, koma kugona pansi pambali pa bedi, kutaya mkodzo, kusintha zofunda zoipitsidwa, kudyetsa munthu amene sakufuna kudya, kumva kulira kwa pa bedi loyandikana pakati pa usiku. Akatero masiku angapo abwere tidzakambirane. Mwana wa asuweni anga anachita zimenezi pamene agogo ake anadwala sitiroko. Anabwerako n'kunena mosabisa kuti fungo la m'wodi sangalithe, ndipo panopa akuphunzira zamakompyuta mosangalala. Mtsikana wina wa kutchalitchi kwathu anabwerako ndi kope lodzaza mafunso: chifukwa chiyani dripi ija anaichepetsa, chifukwa chiyani miyendo inatupa, chifukwa chiyani asisita ankatembenuza wodwala maola awiri alionse. Ameneyo ndinamupatsa stethoscope yanga yakale.

Wina angafunse kuti nanga inuyo bwanji simusiya. Sindisiya chifukwa ntchitoyi ndimaikonda, ndipo sindichita manyazi kunena. Mwana amene anabwera akupuma movutikira ndi chibayo akayamba kulimbana ndi amake kuti atsike pa bedi, tsiku langa lakoma. Malipiro akayamba kubwera ndi abwino poyerekeza ndi a anthu ambiri m'dziko muno, sindinama. Kungoti amapeza mzere ukudikira: ngongole ya sukulu, fizi ya ana a alongo anga imene ndinaitenga ine popanda wondiuza, feteleza wa kumudzi, ndi wachibale aliyense amene wadwala kuyambira ku Chipata mpaka ku Livingstone. Paukwati sindimaliza mbale popanda wina kundikokera pambali kuti andionetse chotupa. Ndikadandaula atate amangoti walira mvula walira matope, n'kupitiriza kufunsa za mankhwala a bondo lawo.

Tsopano ndikufuna ukatswiri wa matenda a amayi. Njira zilipo ziwiri, MMed ya kuyunivesite kapena maphunziro a STP amene amachitikira m'zipatala, ndipo zonse ndi zaka zinayi kapena kuposerapo, ma call ochuluka kuposa a panopa, ndi mayeso ena pamwamba. Lamlungu lapitali ndinapita ku Mtendere kukawauza alongo anga. Ndinawapeza atagona pansi pa basi, tsopano ndi yawoyawo, akumanga china chake ndi waya. Anatulutsa mutu, nkhope yonse ili girisi.

"Sukulu inanso? Kodi imene ija sinathe?"

"Inatha, koma iyi ndi ya ukatswiri."

"Zaka zingati?"

"Zinayi."

Anabwerera pansi pa basi. Patapita kanthawi ndinamva mawu akuchokera kumeneko: "Imeneyo ulipire wekha, mayi. Ndipatse sipanala ya 13 ili pa tayalapo."